Mwana Wofuna Udotolo: Mayeso Amene Amudikira ndi Mmene Angakonzekerere Panyumba

Caka ciliconse zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'nyumba zambiri za ku Bwacha, Chowa, Ngungu, Katondo ndi Makululu mumamveka mau amodzimodzi akuti mwana wakhoza bwino, tsopano adzakhala dotolo. Cisangalalo cotere n'coyenera. Koma makolo ambiri sadziwa kuti pakati pa satifiketi ya Giredi 12 ndi sukulu ya udotolo pali mpikisano wina, umene umabweza ana ambiri anzeru. Pa mpikisano umenewu palibe mphunzitsi woima kumbuyo kwa mwana ndi kumuuza coti awerenge lero. Cimene cimam'thandiza ndi cizolowezi cophunzira payekha ndiponso thupi lathanzi. Zonse ziwirizi zimayambira panyumba.

Kodi mayeso ake ndi ati?

M'maiko ena muli mayeso amodzi apadera olowera ku sukulu ya udotolo. Ku America amalemba mayeso ochedwa MCAT. Ku India kuli NEET, amene mu 2024 analembedwa ndi acinyamata oposa 2 miliyoni, pamene malo a udotolo anali ongopitirira pang'ono 100,000. Muno m'Zambia zinthu n'zosiyana. Mwana wocokera ku sekondale amadutsa makomo awiri. Loyamba ndi mayeso a Giredi 12 a bungwe la Examinations Council of Zambia, limene anthu amangoti ECZ. Laciwiri ndi mayeso a maphunziro a sayansi amene amayamba nawo pa yunivesite, kapena mayeso a A Level kwa amene atenga njira imeneyo.

Masukulu a boma ophunzitsa udotolo alipo angapo. Yakale pa onse ndi ya University of Zambia ku Ridgeway m'Lusaka, pafupi ndi cipatala ca UTH, imene madotolo ake oyamba anamaliza maphunziro mu 1973. Copperbelt University inatsegula sukulu yake ku Ndola mu 2011. Levy Mwanawasa Medical University ili ku Chainama m'Lusaka. Mulungushi University, imene inakhazikitsidwa mu 2008, likulu lake lili kuno ku Kabwe m'mbali mwa mseu wa Great North, koma sukulu yake ya udotolo ili ku Livingstone. Izi zitanthauza kuti mwana wa ku Kabwe wofuna udotolo adzafunika kucoka pakhomo pa makolo ake, ndipo maphunziro onse amatenga zaka 6 kapena 7 kuwerengera pamodzi ndi a sayansi oyambirira aja.

Khomo loyamba

Pa mayeso a Giredi 12 magiredi amacokera pa 1 kufika pa 9. Giredi 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 ndi 4 amatsatira, 5 ndi 6 ndiwo malire a "credit", ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi ocepa ndiwo abwino, n'cifukwa cake mwana wa mapointi 6 amachuka komboni yonse. Kuti munthu aganiziridwe pa yunivesite afunika "credit" m'maphunziro osacepera asanu, ndipo kwa wofuna udotolo payenera kukhala Cingerezi, Masamu, Biology ndi sayansi ya Chemistry ndi Physics. Amenewa ndi malire a pansi cabe. Popeza ofuna malo ndi ambiri, osankhidwa amakhala a magiredi apamwamba kwambiri m'Masamu ndi sayansi.

Mwana amene sanakhoze bwino phunziro lina sanatsekeredwe njira. ECZ imalembetsa mayeso a GCE pakati pa caka kwa anthu amene anacoka kale pasukulu, ndipo ambiri a iwo amakonzekera okha panyumba. Asanalipire ndalama zolembetsera, makolo ayenera kuona cilengezo ca caka cimeneco ca yunivesite imene mwana afuna, kuti adziwe maphunziro ofunikira ndi mmene zotsatira za GCE zimawerengedwera kumeneko. Adziwenso kuti mu 2025 boma linayamba dongosolo latsopano la Fomu 1 mpaka Fomu 4, lotsatiridwa ndi zaka ziwiri za A Level. Ana amene anayamba sekondale m'dongosolo lakale akupitiriza mpaka Giredi 12, koma ang'ono awo adzayenda njira yatsopanoyi.

Khomo laciwiri

Pa University of Zambia, mwana wofuna udotolo amayamba walowa ku sukulu ya Natural Sciences. Kumeneko amaphunzira Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu pamodzi ndi anzake mazana ambiri, onse okhoza bwino kwao. Mayeso akatha, ophunzira amaikidwa mumndandanda malinga ndi mamaliki ao, ndipo malo a udotolo, amene ndi owerengeka, amapita kwa amene ali pamwamba. Otsalawo amapita ku maphunziro ena a sayansi. Mayunivesite enanso amayamba ndi maphunziro a sayansi otere asanalole munthu kulowa udotolo weniweni.

Apa ndi pamene ana ambiri amadabwa. Ku sekondale mphunzitsi amalemba manotsi pabolodi, amabwereza, ndipo amadziwa dzina la mwana aliyense. Ku yunivesite mphunzitsi amalankhula kwa ola limodzi m'holo yodzaza n'kutuluka. Zimene ku sekondale zinatenga temu yonse, kumeneko zimatha m'masabata awiri kapena atatu. Vuto limakula kwa ana amene anaphunzira Science yophatikiza Physics ndi Chemistry m'phunziro limodzi, cifukwa anzao a "pure sciences" amafika atadziwa kale zambiri. Mpata umenewu ungatsekedwe, ndipo nthawi yake ndi miyezi ija imene mwana amakhala panyumba kudikira zotsatira ndi kalata ya malo. Miyezi imeneyi ikathera pa kantemba ndi pa foni, mwana amalowa mpikisano ali kale kumbuyo.

Zida zimene wophunzira payekha afunika

Cida coyamba ndi silabasi, ndiko kuti mndandanda wa mitu yonse imene mayeso amafunsa. Aphunzitsi a sayansi pa sukulu iliyonse ya sekondale ali nayo, ndipo mwana angathe kuikopera m'kope. Popanda silabasi mwana amangobwereza mitu imene amaikonda n'kuthawa yovuta.

Caciwiri ndi buku limodzi labwino pa phunziro lililonse. Sipafunika mabuku asanu. Buku lakale lobwereka kwa mnansi kapena ku laibulale ya sukulu limagwira nchito, malinga mitu yake igwirizane ndi silabasi. Timabuku ta mayankho oloweza tothandiza pang'ono pa Giredi 12 sitingam'fikitse munthu patali pa yunivesite, cifukwa kumeneko mafunso amafuna kuti afotokoze cifukwa cake.

Cacitatu ndi mapepala a mayeso a zaka zakumbuyo. Amenewa amaonetsa kafunsidwe ka mafunso ndi kucepa kwa nthawi.

Cacinayi ndi foni, kwa amene ali nayo. Pa intaneti pali mabuku athunthu aulere a Biology, Chemistry ndi Physics a OpenStax, nchito imene inayambitsidwa ndi Rice University ku America mu 2012. Mabuku amenewa ndi a msinkhu wa caka coyamba ca yunivesite, ndipo munthu akawatsitsira pa foni kamodzi amawerenga popanda kugulanso mabandulo. Palinso maphunziro aulere a pa vidiyo a Khan Academy, othandiza makamaka pa Masamu ndi Chemistry. Koma foni yomweyo ndiyo imaba nthawi. Pa ola lophunzira, WhatsApp, Facebook ndi TikTok ziyenera kutsekedwa.

Cacisanu ndi munthu wofunsako. Angakhale mphunzitsi wakale, kapena wophunzira wa pa yunivesite amene wabwera ku holide. Kuonana naye kamodzi kapena kawiri pa mwezi, mwana atalemberatu mafunso amene am'kanika, kumapindulitsa kuposa kukhala cete m'kalasi yolipira tsiku lililonse.

Kuwerenga kumene kumakhalitsa m'mutu

Ana ambiri amayesa kuti kuphunzira ndi kubwereza tsamba limodzi kasanu mpaka mau ake azioneka odziwika. Akatswiri anapeza kuti njira imeneyi imanyenga. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyamba atangophunzira cinthu, ndipo kubwereza patapita nthawi kumacepetsa kuiwalako. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke ku America anayerekeza ophunzira amene anawerenga nkhani mobwerezabwereza ndi amene anaiwerenga n'kuyesa kuikumbukira osayang'ana. Patapita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga anaoneka opambana. Patapita sabata imodzi, amene anadziyesa ndiwo anakumbukira zambiri.

Phunziro lake n'losavuta kulitsatira. Mwana awerenge mutu umodzi, atseke buku, alembe papepala zonse zimene akumbukira, kenaka atsegule buku ndi kuona zimene waphonya. Pa Biology ajambule mtima, impso kapena diso popanda kuonera, ndi kulemba maina a mbali zake. Pa Masamu, Physics ndi mawerengero a Chemistry palibe njira ina koma kucita masamuwo ndi dzanja, tsiku lililonse. Mutu umene waphunzira lero aubwerere mawa lake, kenaka patapita sabata, kenaka patapita mwezi. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Kamodzi pa sabata atenge pepala la mayeso akale, aike nkoloko patsogolo, alembe monga ali m'cipinda ca mayeso, osayang'ana m'buku. Akamaliza aconge mosadzikondera. Funso lililonse limene walakwa alilembe m'kope lapadera pamodzi ndi cifukwa cimene analakwira, kaya sanamvetse mutu, kaya anathamangira, kaya Cingerezi ca funso cinam'sokoneza. Kope limeneli ndilo buku lofunika koposa m'sabata yomaliza mayeso asanayambe.

Cingerezi cisanyozedwe. Maphunziro onse a udotolo amacitika m'Cingerezi, ndipo mwana wowerenga mocedwa amatopa asanafike pakati pa mutu. Kuwerenga nyuzipepala kapena buku la nkhani kwa theka la ola tsiku lililonse kumafewetsa nchitoyi.

Mutu umodzi susenza denga. Ana atatu kapena anayi a m'dera limodzi angamakumane kawiri pa sabata, aliyense n'kufotokozera anzake mutu umene anapatsidwa. Wofotokoza ndiye amazindikira msanga pamene iye mwini sanamvetse. Gulu likakula kupitirira pamenepo limasanduka maceza.

Makolo amene sanapite patali ndi sukulu asadzione ngati alibe mbali. Mayi kapena tate angagwire kope ndi kuuza mwana kuti afotokoze m'cinenero ca panyumba mmene magazi amayendera m'thupi. Akalephera kufotokoza momveka, ndiye kuti sanadziwebe.

Thupi la wophunzira

Ubongo ndi ciwalo ca thupi, ndipo umafuna tulo, cakudya ndi mpweya wabwino monga ziwalo zina.

Madotolo amalangiza kuti acinyamata a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10, ndipo akuluakulu osacepera maola 7. Munthu ali m'tulo, ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana. Cizolowezi ca ana a sukulu cocezera usiku wonse, mapazi ali m'beseni ya madzi ozizira kuti asagone, cimawononga nchito yomwe akufuna kuiteteza. Maola atatu kapena anayi ophunzira mutu uli bwino, ogawidwa m'zigawo ndi kupumula pakati, amaposa usiku wathunthu wa kusinza.

Cakudya sicifunika kukhala codula. Phala kapena kandolo m'mawa, nsima ya nyemba, kapenta, mazira, nshawa ndi ndiwo zamasamba monga cibwabwa, bondwe ndi repu n'zokwanira. Atsikana amataya magazi mwezi uliwonse, conco amakhala pangozi ya kucepa magazi. Mtsikana amene amatopa msanga, kumva cizungulire, kapena kuyera m'zikope ndi m'manja apite ku kiliniki akapimidwe, asamangonenedwa kuti ndi waulesi. Ndiponso nchito za panyumba zigawidwe mofanana. Mtsikana amene amatunga madzi, kuphika ndi kulera ana pamene mlongo wake akuwerenga sangapikisane naye mofanana.

Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Mabanja anaphunzirapo kuti nthawi yodalirika yowerenga ndi m'mawa ndi masana. Usiku, nyali ya sola ndi yabwino kuposa kandulo, imene ingayatse nyumba mwana akasinza. Mwana amene amamva mutu akawerenga, kapena amayandikitsa buku kumaso, akapimitse maso ku cipatala.

M'miyezi yozizira ya June ndi July, mbaula yoyaka isalowe m'cipinda cotseka. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wosanunkha. Umayamba ndi mutu, cizungulire ndi tulo, ndipo umapha munthu ali m'tulo momwemo. M'nyengo ya mvula wophunzira agone m'neti, cifukwa malungo a sabata imodzi pafupi ndi mayeso angawononge nchito ya caka conse. Thupi likatentha apite kukapimitsa tsiku lomwelo.

Palibe mankhwala opatsa nzeru. Khofi wambiri ndi zakumwa zochedwa zopatsa mphamvu zimathamangitsa mtima ndi kusokoneza tulo. Camba, mowa ndi mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine amafooketsa cikumbukiro ndipo amazoloweretsa. Mapilisi ogulidwa pamsika akuti amacotsa tulo asalowe m'nyumba.

Fumbi la mtovu

Ku Kabwe kuli vuto lina limene limakhudza maphunziro mwacindunji. Mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira nchito kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 mpaka pamene unatsekedwa mu 1994, ndipo unasiya mtovu m'dothi la madera oyandikana nawo monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungachedwe wosavulaza. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula, makamaka wa ana osakwana zaka zisanu, ndipo umacepetsa luso lomvetsera ndi kukumbukira.

Conco banja limene likulota za dotolo liyambe ndi ana ang'ono. Pansi pa nyumba pakolopedwe ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa pouma. Pabwalo pathiridwe madzi kapena pabzalidwe kapinga. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo asasewere pa milu ya zotsalira za mgodi. Cakudya cokhala ndi ayironi ndi kashiamu, monga kapenta, nyemba, mkaka ndi masamba obiriwira, cimacepetsa mtovu umene thupi limayamwa, pamene mimba yopanda kanthu imayamwa wambiri. Makolo a m'madera amenewa afunse ku kiliniki za kupimitsa magazi a ana. Mwana wamkulu amene anakulira kumeneko asataye mtima. Ana amasiyana, ndipo kuphunzira mwadongosolo kumathandiza aliyense.

Misampha iwiri ya ndalama

Msampha woyamba ndi likeji. Mayeso akayandikira pamatuluka anthu ogulitsa mapepala amene amati ndiwo adzabwera. Ambiri ndi abodza. Ngakhale atakhala enieni, kupezeka nao ndi mlandu, ndipo ECZ imafafaniza zotsatira za wogwidwa. Koposa apo, mwana wodutsa khomo loyamba mwa njira imeneyi amakagwa pa laciwiri, banja litalipira kale ndalama za caka cathunthu.

Msampha waciwiri ndi sukulu yosavomerezeka. Masukulu a zaumoyo omwe si a boma aculuka, ndipo ena ndi abwino. Koma makolo asanalipire afufuze ngati sukuluyo inalembetsedwa ku Higher Education Authority, ndiponso ngati maphunziro akewo ndi ovomerezedwa ndi Health Professions Council of Zambia, bungwe limene limalembetsa madotolo. Popanda cilolezo ca bungwe limeneli munthu sangagwire nchito ya udotolo m'dziko muno. Za ngongole ya maphunziro, bungwe loona zimenezi ndi Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo limalengeza poyera nthawi yofunsira. Munthu wouza makolo kuti am'patse ndalama kuti awapezere malo kapena ngongole ndi wakuba.

Ngati malo sanapezeke

Si onse ofuna udotolo amene adzaupeza, ngakhale atalimbikira. Banja likambirane zimenezi mayeso asanalembedwe. Cipatala sicimayenda ndi madotolo okha. Pali anamwino ndi azamba, amene ena amaphunzira kuno ku Kabwe. Pali ma clinical officer, amene ndiwo amaona odwala m'makiliniki ambiri a m'makomboni ndi kumidzi. Pali opima magazi, osamala za mankhwala, ojambula mafupa ndi oyang'anira ukhondo wa m'madera. Pamene boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, munali magulu onsewa. Nchito zonsezi zimafuna Biology, Chemistry ndi Masamu omwewo, kotero kuti khama la mwana silipita pacabe.

Nkhawa ya mayeso ndi yacibadwa, koma ikafika poti mwana sakudya, sakugona, akudzipatula kapena akunena kuti moyo ulibe phindu, imeneyo ndi nkhani ya cipatala. Makolo akhale naye pafupi, amumvetsere popanda kum'kalipira, ndipo apite naye ku kiliniki kapena ku cipatala cacikulu ca Kabwe. Palinso nambala yaulere ya 116 ya Childline, kumene ana ndi acinyamata amalankhula ndi alangizi. Mau monga akuti "banja lonse likudalira iwe" amanenedwa mwacikondi, koma amalemera pa mapewa a mwana wa zaka 18.

Zimene banja lingayambe sabata ino n'zocepa ndipo sizifuna ndalama zambiri: tebulo kapena benchi pamalo owala, maola odziwika amene mwana satumidwa, silabasi yokopera m'kope, pepala limodzi la mayeso akale Loweruka lililonse, ndi nthawi yogona yosasinthasintha. Mwana amene wacita zimenezi kwa miyezi isanu ndi umodzi adzafika ku Lusaka, ku Ndola kapena ku Livingstone atadziwa kale kudziphunzitsa, ndipo limeneli ndi luso limene dotolo amagwiritsa nchito kufikira tsiku limene adzapumule.